Imwa, Msuweni

Vilankulo, 9 Junho 2024

Okondedwa Make Edite,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Edite, amayi ndi onse pamudzi. Ine kuno ndili bwino, kupatula mphuno yomwe ikutulukabe madzi amchere. Musadabwe kuona pepala m'malo mwa mawu anga. Telefoni yanga inalowa m'nyanja Lachiwiri ili m'thumba la kabudula, ndipo yakana kudzuka. Kalatayi ndapatsira a Serafim, a lole ya kachewere aja. Amadutsa kuno kawirikawiri, choncho yankho muziwapatsira iwo pamsika wa Domwe.

Ntchito ndayamba pa hotelo ina ya m'mbali mwa nyanja. Ndimasesa mchenga. Inde, kuno mchenga umasesedwa, musaseke. Ndimanyamulanso mapulancha. Pulancha ndi chithabwa chachitali ngati chitseko cha tchalitchi, koma chopepuka moti Edite akhoza kuchikoka. Alendo amaimirira pamwamba pake n'kumapalasa ndi nkhafi imodzi yaitali. Sapita kulikonse, sagwira ngakhale nsomba imodzi. Amangozungulira n'kubwerako, ndipo pa ola limodzi amalipira ndalama yoti inu mungagule nkhuku zitatu.

Bwana wathu, dona Márcia, akuti amene aphunzire kuima pa pulancha aziperekeza alendo pamadzi ndipo malipiro ake akwera. Ine ndinati, munthu woti ndimaoloka pa mlatho wa mtengo umodzi nditasenza thumba la chimanga, chitseko chingandikanike? Make Edite, nyanja si mtsinje. Mtengo wa pamlatho umakhala chete, koma ichi chimanjenjemera ngati chamva kuti ndine wa kumapiri. Ndinagwada bwinobwino, ndinadzutsa mwendo umodzi, ndinadzutsa winawo, kenako ndinangoona thambo lili kumapazi. Ndinagwa kambirimbiri. Kugwa komaliza kunali ndi zina zake, koma zimenezo ndi za kuno.

Msuweni wanga Nércio, mwana wa amalume a Victorino, amene anandipezera ntchitoyi, anali pamtunda. Iye amagwira ku bala, madzi amangowaonera patali. Anaseka mpaka kukhala pansi, telefoni ili m'manja.

Ndatumiza metikali 2,500. Mugulire Edite juzi, chisanu cha Junho ndikuchidziwa, ndipo yotsalayo mugule mbewu ya kachewere ya kudimba. Nyemba musagulitse panopa, ogula a nthawi ino ndi akuba. Dikirani Setembro.

Ndine mwamuna wanu,
Emílio


Vilankulo, 2 Julho 2024

Make Edite,

Moni kwa inu ndi mwana. Ndamva kuti m'thupi muli bwino. Inenso m'thupi ndili bwino, za mumtima musandifunse.

Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira, koma nditamaliza ndinapezeka ndili pansi. Ndiye kuti Domwe yense wandiona? Zimene ndinakubisirani zija mwazionera pa vidiyo: funde litandivula kabudula mpaka m'maondo, ine ndikukwawira pa pulancha, matako ali padzuwa. Mwati anyamata a njinga zamoto akuonetsana pamsika ndipo andipatsa dzina lakuti Mwezi Wawala. Zimenezo ndikanapirira, pakamwa pa anyamata pamatopa. Koma zoti mkazi wa a Gerson wosasunga pakamwa uja anakaika telefoni pamaso pa amayi anu, pamaliro, pakati pa azimayi anzawo, sindingazipirire. Apongozi anga, amene ndikakumana nawo panjira ndimapatukira kutchire! Chikwatireni sanandionepo ngakhale ndikutafuna, lero aona zimene munkazidziwa inu nokha.

Ndinapita ku bala n'kumupeza akudula mandimu.

"Nércio, unatumiza ndiwe?"

"Epa, primo, msuweni wanga! Wakwiya? Ndangoponya pa gulu la kwathu la pa telefoni basi, anthu asekeko. Kumudzi kulibe televizau."

"Apongozi anga aona."

Anaseka mpaka mpeni kugwa pansi. "Ndiye adziwa kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi mafupa. Iwe, n'chisuweni chimenechi. Ukadandaula kwa yani?"

Dzanja langa linanyamuka lokha, koma dona Márcia anatulukira pakhomo, ndipo ndinalibweza m'thumba. Likuyabwabe mpaka lero.

Tsono mverani. Pitani kwa ankhoswe athu mukawauze kuti apite kwa amalume a Victorino. Ndikufuna mlandu. Ndalama yake sindikuifuna. Ndikufuna Nércio akagwade pakhomo pa amayi, nkhuku ili m'manja, akanene pamaso pa anthu kuti analakwira ine ndi iwo omwe. Akatero nkhani yatha.

Edite asajombe kusukulu chifukwa cha zimenezi. Wina akamutchula mwana wa Mwezi, angomuyang'ana n'kudutsa. Ndatumiza 1,500 yokha, mwezi uno andidula ya nkhafi ina imene ndinathyola.

Emílio


Vilankulo, 28 Julho 2024

Make Edite,

Ndili moyo. Ndikhulupirira chifuwa cha Edite chatsika. Muzimufunditsa usiku, mphepo ya kumeneko siseweretsa.

Yankho la akuluakulu ndalimva. Amalume akuti msuweni sazengedwa mlandu, asuweni amatukwanana ngakhale pamaliro ndipo palibe amene amalipira. Mwati ankhoswe athu anabwerako akuseka, kachasu wa amalume akununkha m'kamwa. Ndinatuma anthu okanditengera chilungamo, iwo anakatenga chikho.

Chachiwiricho ndicho chandilepheretsa kudya. Amayi akuti sangakhale bwalo limodzi ndi mkamwini amene anamuona wamaliseche, ndipo ndikabwera pa Natale kudzadya Khirisimasi iwo asamukira ku Lifidzi kwa achemwali awo. Alongo anu nawo akuti mayi sangathawe pamudzi pake chifukwa cha mkamwini. Ndamva, Make Edite, sindine mwana. Ndiye kuti nyumba imene njerwa zake ndinaumba ndi manja angawa ndiziionera pa chithunzi. Nércio yekha pa Natale akatsika shapa, minibasi ya kwathu ija, ndi nsapato zatsopano, anthu n'kumulandira ndi nthungululu.

Chabwino. Ngati n'chisuweni, nanenso ndine msuweni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

M'mawa uliwonse alendo asanadzuke ndimatenga pulancha n'kulowa m'madzi. Akundiphunzitsa ndi Adelaide, amene amaphunzitsa alendo. Ndi mayi wa ana atatu, musayambe. Iye akuti vuto langa n'kuyang'ana mapazi. "Ukayang'ana pansi, upita pansi. Yang'ana chilumba icho." Miyendo umatangadza ngati ukuunda mizere, maondo osaumitsa, ndipo nkhafi isachoke m'madzi chifukwa ndiyo mwendo wachitatu. Kunena n'kosavuta. Maondo anga ndi zilonda zokhazokha, ndipo madzi a m'nyanja ndamwa oti mungathirire dimba lonse. Dzulo ndinaima mpaka kumaliza Atate Athu, kenako ngalawa inadutsa, funde lake n'kundigwetsa chagada. Ndinadzuka, ndinakweranso. Ndikatopa ndimangokumbukira mpeni uja ukugwa m'manja mwa Nércio, mphamvu n'kubwerera.

Kabudula masiku ano ndimamanga ndi chingwe cha nayiloni, mfundo ziwiri.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse ngakhale alongo anu akakamize. Denga la khola likuthontha mbali ya kumadzulo, mupeze udzu mvula isanayandikire.

Emílio


Vilankulo, 15 Setembro 2024

Okondedwa Make Edite,

Moni wambiri kwa inu ndi Edite. Amayi muwapatse moni ngati angaulandire. Ine ndili bwino kuposa kale lonse.

Ndaima! Tsopano ndimachoka pagombe mpaka kumene ngalawa za asodzi zimakocheza, n'kubwerako tsitsi lili louma. Dona Márcia andipatsa malaya ofiira a operekeza alendo ndipo malipiro akwera, n'chifukwa chake mwaona 4,000. Nyemba gulitsani tsopano, matumba awiri okha.

Ndisakunamizeni, chinthuchi n'chokoma. Ukaimirira madzi ali bata umaona pansi ponse, tinsomba tamizeremizere, nkhanu zikuyenda chammbali, tsiku lina mpaka kamba wamkulu ngati lichero anadutsa pansi panga osandilabadira. Ndinalakalaka mukanakhalapo. Koma ine sindinasupuke maondo kuti ndizionera nsomba.

Mukudziwa zimene akuchita msuweni wanga? Madzulo amatenga pulancha n'kuiimika pamchenga, kuvala magalasi akuda, n'kudzijambula atagwira nkhafi mozondotsa. Zithunzizo akutumiza kwa Nádia, mphunzitsi wa ku Ulongwe uja akufuna kumukwatira, ati iye ndiye amaphunzitsa azungu kuyenda pamadzi. Munthu woti nyanjayi sinamunyowetsepo ngakhale maondo! Funde likafika pamene waima amadumpha ngati waponda moto. Akandiona ndikutuluka m'madzi amakuwabe kuti, "Mwezi Wawala, lero sutuluka?" Atsikana a kukhitchini amaseka. Ine ndimasekanso nawo, ndipo iye akuganiza kuti ndinaiwala.

Ndagula telefoni yakale kwa msodzi wina. Mawu situlutsa, inamwa madzi nayonso, koma kujambula imajambula bwino zedi. Ine sindikufuna yolankhula, ndikufuna yoona.

Mundifunsire mochenjera nambala ya Nádia, ndi ya amayi ake ngati ali nayo. Musanene kuti ndakutumani ndine.

Mwamuna wanu,
Emílio


Vilankulo, 20 Outubro 2024

Make Edite,

Ndili bwino. Ndakondwa kumva kuti kachewere wa kudimba wabereka.

Mwakana kunditumizira manambala, ndipo mwadzaza tsamba lonse ndi ulaliki. Mwati ndizisiye, anyamata a pamsika anapeza kale china choseka, ndipo amayi tsiku lina anakufunsani ngati ndikudya bwino kuno. Kufunsa ngati munthu akudya si kumuitana, Make Edite. Mwati ndidikire. Ndidikire chiyani, Natale ndi uyu? Inu mukugona m'nyumba, ine ndi amene anditsekera kunja. Manambala ndawapeza ndekha pa gulu lomwe lija.

Ndipo sindinachite kumusaka, nyama yabwera yokha pamsampha. Nádia wamuuza kuti watopa ndi zithunzi za pamchenga, akufuna kumuona ali pamadzi. Dzana Nércio anandipeza ndikutsuka mapulancha, wabweretsa kokakola wozizira.

"Primo, iwe ndiwe m'bale wanga. Undikweze pang'ono pokha, pafupi pompa, undijambule. Ndikangoima basi, udule."

"Usadandaule, msuweni," ndinatero. "Ndikujambula bwinobwino, monga unandijambulira ine."

Anaseka, nanenso ndinaseka. Kokakola uja ndinamwa yense, anali wokoma. Tapangana Lamlungu la sabata yamawa, Adelaide akakhala kutchalitchi.

Ndatumiza 3,500 ya adubu, feteleza wa kumunda. Mugule ku Ulongwe, wa pamsika wathu amasakaniza ndi mchenga. Mbewu ikhale pafupi, a Serafim akuti kumapiri mitambo yayamba kusonkhana.

Emílio


Vilankulo, 4 Novembro 2024

Make Edite,

Ndili bwino, musatekeseke ndi zimene mungamve. Nércio ali kuchipatala koma akulankhula, anangomwa madzi ambiri. Ine ntchito ndaima kaye, dona Márcia akuti tikambirana. Ndalama ulendo uno palibe.

Koma zatheka! Vidiyo ndatumiza pa gulu, kwa Nádia, ndi kwa amayi ake omwe. Kabudula wake yense anapita ndi madzi, wanga uja anangofika m'maondo. Pitani kumsika mukamve amene akusekedwa tsopano. Mukandifunsire kwa amalume ngati msuweni akadali wosazengedwa mlandu. Anyamata a njinga zamoto amupatsa dzina lanji? Mundilembere lonse, musasiye chilembo.

Tsopano tafanana. Amayi aone kuti za m'nyanja zimagwera aliyense, ndipo mundiuze tsiku limene ndingafike.

Emílio


Vilankulo, 1 Dezembro 2024

Make Edite,

Sindikudziwa ngati moni wanga mukuufuna, koma ndapereka. Ndikhulupirira mvula yagwa ndipo mwabzala.

Kalata yanu ya mizere isanu ndalandira. Mwandifunsa kuti ndine munthu wanji. Ndikuuzani mmene zinayendera, inu muweruze.

Ndinamupatsa kabudula wa pahotelo amene ndinasolola chingwe chake. Kolete, chovala choyandamitsa chija, anakana yekha, ati azioneka ngati mwana, ndipo ine sindinamukakamize. Chingwe chomangira pulancha kumwendo sindinamumange, ndinamuuza kuti pa vidiyo aoneka ngati mbuzi. Madzi anali akuphwa ndipo mphepo inkachokera kumtunda, nthawi imene Adelaide salola mlendo aliyense kulowa. Ndinkadziwa. Ndinkafuna agwe msanga, kabudula avuke, basi.

Anagwada pa pulancha, ndinamukankha, ndinabwerera pamchenga n'kuyamba kujambula. Anaima, anagwa, kabudula anapita. Pulancha inathawa ndi mphepo. Ine ndinkaona ngati ali pamalo pamene madzi amandilekeza m'khosi, osadziwa kuti mphepo yamufikitsa kale mu ngalande yakuya imene ngalawa zimadutsamo. Mutu unamira, unatuluka akukuwa. Unamiranso, unatuluka ali chete. Pamenepo ndinaponya telefoni pansi, ndinatenga pulancha ina, ndipo sindinapalasepo chotero chibadwire. Ndinamugwira dzanja ali kale pansi pa madzi. Asodzi anatithandiza kumukweza m'ngalawa, n'kumufinya mpaka anasanza.

Madzulo ake, iye ali kuchipatala, ndinaionera vidiyo ija pa telefoni yanga yosalankhula. Ndinaona matako a Nércio, mtima unazizira, ndinatumiza. Mawu ake ndinawamva koyamba sabata yatha, a Serafim atandiyatsira pa telefoni yawo, iwo akuyang'ana kumbali. Nércio akukuwa kuti "Amayi! Amayi!" ndipo pafupi pali munthu akuseka mpaka kutsamwa, akuti, "Imwa, msuweni, imwa! Nanenso ndinamwa!" Sindinkadziwa kuti ndimaseka choncho. Vidiyo ikuthera pomwepo. Kupalasa kwanga palibe amene anajambula.

Dona Márcia anandilanda malaya ofiira n'kundiuza kuti ndisapondenso pagombe lawo. Nádia anakwera basi kuchokera ku Ulongwe, ndi amene akumumwetsa phala. Mwati pamsika palibe amene waseka, dzina sanamupatse, ndipo amalume apita kwa ankhoswe athu kukanena kuti ichi si chisuweni. Iye atandivula pamaso pa dziko lonse chinali chisuweni! Ndikanama ndikati mtima wanga wonse ukupepesa. Mbali ina ikunenabe kuti anayamba ndi iye, ndipo akupuma lero chifukwa cha manja angawa. Sanandithokoze, nanenso sindinakamuone.

Koma mawu a amayi amene mwalembawo sakundichoka m'mutu. Akuti matako anali atawaiwala kale, aliyense ali nawo, ndipo ankangodikira Natale kuti andiphere nkhuku. Koma munthu woseka chotero m'bale wake akumira, sangamulole kugona pafupi ndi mdzukulu wawo. Ndawerenga, ndawerenganso.

A Serafim andilola kukwera pamwamba pa lole, tifika ku Ulongwe Lachisanu lomaliza Natale isanafike. Pamudzi sindifika, musaope. Ndidzakhala pokwerera mashapa a ku Domwe kuyambira m'mawa. Mubwere ndi Edite, ndamugulira nsapato, ndikufuna ndimuyese ndekha. Amayi akakaniza mwana, bwerani nokha. Ngati simubwera musavutike kutuma munthu wodzandiuza, ndidzaona ndekha shapa yomaliza ikatsitsa anthu.

Ndine,
Emílio